Kabotolo ka apongozi tsopano kakukhala pa ndodo

Lachiwiri ndikuchokera kumjigo ndinapeza mwana wanga Tadala atakhala pamwala wa kuseri kwa khitchini, dzanja lili pachifuwa, maso atatsinzina, pakamwa atatseka.

Ndinamuitana. Osayankha. Ndinamuitananso ndi dzina la ubatizo lomwe. Osayankha.

Ndowa ndinaiponya pansi ndi madzi omwe. Mwana wa zaka zinayi agwira pachifuwa chifukwa chiyani? Ndinamugwedeza, ndinamukanula pakamwa ndi chala monga timachitira ndi mbuzi ikadya jumbo, ndipo kunsi kwa lilime ndinapezako kanjere ka soya.

"Amayi, mwandisokoneza," anatero. "Ndine agogo. Ndikudikira kuti asungunuke."

Kumbuyo kwake kunali anzake ali pamzere, aliyense dzanja pachifuwa, kudikira soya wake.

Mukuseka eti? Alamu anga anaseka mpaka kukhala pansi. Ine sindinaseke. Ndinayang'ana pakhonde la apongozi, pomwe kabotolo ka mankhwala enieniwo kanali chiimire pamphasa, pamalo poti ngakhale mwana wokwawa atha kufikapo asanatope.

Ndiyambe poyambira, poti enanu simudziwa kwathu.

Ine ndili pachitengwa kuno ku Msakambewa. Bambo a Tadala ali ku esiteti ya fodya, amabwera ntchito ikatha. Apongozi aakazi anatisiya kale. Ndiye pakhomo pano tilipo ine, Tadala, mlongo wake Yamikani amene akukwawa, alamu anga a Nabanda amene nyumba yawo ili chapafupi, ndi apongozi aamuna, mkulu wa mpingo, amene chikwatiwire ndinali ndisanawayang'anepo m'maso. Ndikafuna kuwauza kanthu ndimagwada cham'mbali n'kulankhula ndi Yamikani. "Iwe Yamikani, madzi a agogo atentha." Iwonso amayankha kwa Yamikani yemweyo. Mwana sadziwa ngakhale kunena kuti amayi, koma nkhani zonse za pakhomo pano zimadutsa mwa iye.

Kuno nyumba zili pamtunda, madimba ali kudambo. Chaka chatha apongozi anayamba kumaima pakati pa chitunda pochokera kudimba. Kuima, kutsamira ndodo, n'kumayang'ana mapiri a ku Ntchisi ngati akufuna kuwagula. Alamu akafunsa, ankati akuona ngati kukubwera mvula. Mu Julayi.

Kenako anaulula. Akuti pachifuwa pamakhala ngati wina wawasanjika thumba la feteleza, kupanikiza, ululu n'kutsikira kudzanja lamanzere, nthawi zina kukwera mpaka m'chibwano. Akapuma pang'ono, wina uja amalichotsa thumba lake.

Mudzi sunachedwe kugamula. Mdulo. Ndipo mdulo sugwa kumwamba, pamakhala mkazi amene wathira mchere m'ndiwo nthawi yosayenera. Nanga amaphikira apongozi ndani? Ine. Ndikafika kumjigo nkhani zinkatha zokha, kumangomveka chitsulo chikulira.

Tinapita kuchipatala chachikulu, ine ngati gadiyani chifukwa alamu amasanza m'galimoto. Adokotala anali mayi wina wamagalasi, wosachedwa ndi mawu. Atawapima anafunsa: "Agogo, mumathirira kudimba?"

"Chibadwire."

"Ngalande ikadzaza matope chimachitika n'chiyani?"

"Madzi amadutsa ochepa. Dzuwa likakula mbewu za kumapeto zimafota."

"Ndi zomwezo. Mtima nawo uli ndi timitsempha take toudyetsa magazi. Tanu tachepa mkati chifukwa mafuta akhala akumatirira pang'onopang'ono. Mukakhala pansi magazi amakwanira. Mukakwera chitunda, mukakwiya, mukakhuta kwambiri kapena kukazizira, mtima umafuna ambiri, sakwanira, ndiye umadandaula. Kudandaulako ndiye ululu mukumvawo. Dzina lake anjaina."

Anatchula zimene zimabweretsa: fodya, ndipo apongozi asuta chingambwe kuyambira ine ndisanabadwe, bipi yokwera, imene anawapeza nayo, ukalamba, nyama yonona ya pachiwaya, shuga, ngakhale iwo alibe, ndi zakumtundu. Anati asiye fodya, achepetse mafuta, achepetse mchere.

Mchere! Titabwerera ndinafotokoza zonse bwinobwino, za ngalande, za matope, za chingambwe. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva chinthu chimodzi chokha: "Ngakhale adokotala anena za mchere."

Mankhwala anatipatsa amitundumitundu. Ka asipulini kakang'ono komwa tsiku lililonse atadya, kuti magazi asaundane m'timitsempha tija. Piritsi lotsitsa bipi ndi kuchepetsa liwiro la mtima, losafunika kulisiya mwadzidzidzi ngakhale munthu akumva bwino. Lina lochepetsa mafuta m'magazi. Ndiye kabotolo ka galasi koderako, mkati muli timapiritsi tating'ono ngati njere za mapira. Iti si tomwa tsiku ndi tsiku. Ululu ukayamba, akuti akhale pansi kaye, aike kamodzi kunsi kwa lilime, osameza, kasungunuke kokha. Kamafutukula mitsempha, magazi n'kudutsa. Mutu utha kuwawa, chizungulire chitha kubwera, n'chifukwa chake kukhala pansi. Pakatha mphindi zisanu ululu ulipobe, aike kachiwiri. Ukapitirira, osadikira kuti kuche, osayamba kufunafuna wopemphera, kuthamangira kuchipatala, chifukwa mwina ngalande yatsekeka yonse. Kabotolo kazikhala pafupi nawo nthawi zonse, kotseka bwino, kutali ndi dzuwa, kutali ndi ana, ndipo osapatsako munthu wina.

Kenako adokotala anafunsa, ine ndili pomwepo: "Agogo, mumamwa mankhwala aja abambo amagula m'tauni owonjezera mphamvu kuchipinda? Chifukwa akakumana ndi awa, bipi imagwa, munthu atha kufa."

Abale. Ndinayang'ana chithunzi cha udzudzu chimene chinali pakhoma mpaka ndinaudziwa miyendo yonse. Apongozi anatembenukira kwa mwana kumsana kwanga.

"Iwe Yamikani, uwauze adokotala kuti ndine mkulu wa mpingo."

"Yamikani," anatero adokotala, "uwauze agogo kuti sindinafunse udindo."

Tsono mankhwala aja anagwira ntchito, ndipo vuto linayambira pomwepo. Lamlungu lina potuluka m'tchalitchi ululu unawagwira anthu akuona. Anakhala pachitsa, kutulutsa kabotolo, kuika kunsi kwa lilime, kutsinzina. Posakhalitsa anadzuka, kusasa fumbi pathalauzi, n'kupitiriza nkhani ya denga la tchalitchi pomwe anailekeza. Anthu anangoyang'anana.

Ndikufunseni inu mukuwerenga: ndani mwa inu sanamwepo mankhwala a mnzake? Musanamizire. Timapemphana mchere, moto, khasu, sefa, nanga piritsi lingatikanike? Mwana wa mnzako akatentha thupi umathamangira m'nyumba kukatenga otsala a malungo a chaka chatha. Wina akatsokomola, pali kapisozi wofiira amene anatsala pa matenda a malemu. Sitifunsa kuti anali a chiyani. Timafunsa kuti anathandiza? Kuno kumana munthu mankhwala kuli ngati kumumana moto, nkhani yake imakafika mpaka pamaliro ako.

Ndipo apongozi sadziwa kumana.

Oyamba anali a Nachisale, neba wathu, mutu ukuwawa. Anapatsidwa kamodzi, n'kukaika kunsi kwa lilime ataimirira pamjigo. Akuti m'mutu munayamba kusinja ngati mumtondo, kenako mdima, kenako anangozindikira ali gada, ndowa ikugubuduka kulowera kudambo. Ine mumtima ndinati zikomo, zathera pompa, palibenso amene apemphe.

Kuthera kuti? Anthu anati: "Mankhwala ogwetsa munthu wathupi ngati a Nachisale si amasewera." M'mawa mwake pakhonde panali wa dzino, wa msana, ndi wina amene sankadwala kanthu koma amafuna kusunga kamodzi kuti mwina. A Mbewe a ngolo anabwera atavula chipewa, akuti ng'ombe yawo imaima pachitunda, pamalo penipeni pomwe apongozi amaima, ndipo nayonso imayang'ana ku Ntchisi. Anali atapeza kale anthu oigwira lilime. Apongozi anawakaniza, osati chifukwa ndi ng'ombe, koma chifukwa a Mbewe anasiya kubwera kutchalitchi.

Ndinapita kwa alamu. "Alamu, kawauzeni bambo kuti apha munthu."

Alamu anapita, kugwada, ine ndikumvetsera kuseri kwa nkhokwe. "Bambo, akuti mudzi wonse ukukuthokozani, koma musamadzitopetse."

Ndinayesa njira ya masiku onse. "Iwe Yamikani, kodi adokotala aja sananene kuti mankhwala ndi a munthu mmodzi?"

"Iwe Yamikani, uwauze amayi ako kuti adokotala sakhala m'mudzi muno."

Yamikani anali akudya dothi.

Ndiye ndinayamba kubisa. Ndinakatsomeka kabotolo kudenga, mu udzu, monga timachitira ndi mankhwala a makoswe. Apongozi anakwera pampando kukafuna, kunyanyamphira, kupapasa, mpaka ululu unawagwira chifukwa chofunafuna mankhwala a ululuwo. Ndinakatsekera m'bokosi la chitsulo, kiyi n'kumanga pachitenje. Tsiku lomwelo ndinapita kuchigayo. Pobwera ndinapeza apongozi ali tsonga pansi thukuta lili kamukamu, alamu ali ndi nkhwangwa m'manja, loko ali zidutswa. Ndikanawapha ndine.

Mukuliona vutolo? Mankhwala awa ayenera kukhala pafupi ndi dzanja la agogo, kutali ndi dzanja la mdzukulu. Koma dzanja la agogo ndi la mdzukulu zimaswera limodzi pamphasa imodzi. Amene analemba malangizo aja sanabwerepo kumudzi.

Kabotolo kanabwerera pakhonde. Ine ndinasanduka mlonda, diso limodzi pamoto, lina pamphasa. Za soya zija zitachitika Lachiwiri, tulo sindinalionenso bwino.

Lachisanu ndinali kuseri ndikuyanika ufa. Kunabwera mlendo wa ku Dzoole, wachibale wa malemu apongozi aakazi, akudandaula bondo. Anapatsidwa kamodzi koti akaike kunyumba, kokulunga m'pepala. Potsanzika, apongozi ananyamuka kumuperekeza, poti mlendo sangachoke yekha ngati wakuba. Anatenga chipewa. Anatenga ndodo. Kabotolo anakasiya pamphasa, chivundikiro pambali.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi bata. Amayi anzanga mukudziwa, ana akakhala chete, thamanga.

Ndinapeza Tadala atavala magalasi a phesi la chimanga, akuti ndi adokotala. Yamikani atakhazikidwa patsogolo pake, dovu likutsika, akutafuna. Timapiritsi tili mbwee pamphasa. Tambala wathu wofiira akujompha kamodzikamodzi ngati waitanidwa.

Sindikudziwa kuti ndinakuwa chiyani. Chala m'kamwa mwa Yamikani, kunsi kwa lilime, m'masaya, palibe. Koma palibe chifukwa sanadye, kapena palibe chifukwa kasungunuka?

"Tadala, wamupatsa?"

"Amalavula. Si wodwala wabwino."

"Iwe wadya?"

"Adokotala sadya."

"Tadala, ndiyang'ane. Wadya?"

Anayamba kulira, ndipo mwana akalira sudziwanso ngati akulira mantha kapena akulira mankhwala.

Apongozi anatulukira. Ndinatola timapiritsi tonse m'dzanja. "Yamikani, afunse agogo kuti munali tingati!"

Anayang'ana m'dzanja langa, anayang'ana kumwamba. "Munali tochuluka ndithu."

Palibe munthu padziko pano amene ankadziwa kuti mwatsala tingati, chifukwa tina tili kwa wa msana, tina kwa wa dzino, kena kali panjira ya ku Dzoole m'thumba la mlendo.

Alamu anathamanga ndi mafuta ophikira kuti tiwamwetse asanze. Ndinakana, sindikudziwa kuti nzeruyo inachokera kuti. Yamikani kumsana, Tadala m'manja, kabotolo pachitenje, ndinatsetsereka mpaka kumsewu wopanda nsapato. Wa kabaza wa njinga yamoto atandiona sanafunse n'komwe mtengo. Njira yonse ndinkangowagwedeza kuti asagone. Ndinkaitana Yamikani, ndinkatsina Tadala, ndinkapemphera, ndinkatukwana mabampu.

Kuchipatala chaching'ono anesi anatilowetsa osadikira mzere. Anawapima, kuwagoneka, n'kumabwerabwera kudzawaona mpaka dzuwa litapendeka. Anati ndachita bwino kubwera ndi kabotolo, ndachitanso bwino kusawamwetsa mafuta. Ana analibe kanthu. Tadala anafika popempha kuti abwereke chopimira chija. Koma anesi anandiuza chinthu chimene chinandiopsanso: akuti mapiritsi a bipi aja ndi asipulini ndiye oopsa koposa kwa mwana, ndipo ine ndinkangowasiya pawindo poganiza kuti choopsa ndi kabotolo kokha. Anatinso timapiritsi totsegulidwatsegulidwa ndi kutayikira pamphasa tatha mphamvu, tsiku limene apongozi adzatifune zenizeni tikhoza kuwagwiritsa fuwa la moto. Tikatenge tatsopano.

Titafika kunyumba tinapeza tambala atakhala pansi pa nkhokwe, mutu uli pambali, osalira, osathamangitsa nkhuku. A Nachisale anali atabwera kudzamuona. Akuti akudziwa mmene akumvera.

Ine sindinaseke. Ndinagoneka Yamikani m'nyumba, n'kupita pakhonde. Ndinagwada, inde, mayi anga anandilera. Koma sindinagwade cham'mbali. Ndinawayang'ana kumaso. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti ali ndi chipsera pamwamba pa diso, sindinkadziwa kuti maso a Yamikani ndi awo.

"Bambo, ndikulankhula ndi inu."

Alamu anagwetsa mbale.

"Mankhwala aja ndi anu nokha. Mukapatsanso munthu, mukawasiyanso pamphasa, ine nditenga ana anga ndibwerera kwathu ku Nachisaka. Anene kuti ndine wamwano, anene za mchere, anene zimene angathe. Koma ana anga sindiwaika m'manda chifukwa cha bondo la mlendo."

Apongozi anayang'ana uku ndi uku kufuna Yamikani. Yamikani anali m'tulo. Anayang'ana Tadala, Tadala anabisala kumbuyo kwanga. Anayang'ana tambala. Pomaliza panalibenso kwina koyang'ana.

"Mayi, ndamva," anatero. Kenako anafunsa: "Nanga anthu akabwera ndiwauza chiyani?"

"Muwauze kuti apemphe kwa mpongozi wanu uja wa mchere."

Mpaka lero sanabwere ndi mmodzi yemwe.

Koma funso linali lidakalipo: kabotolo kazikhala pati? Ndinakumbukira zimene ndinaona Lachisanu lija. Apongozi anaiwala mankhwala osunga moyo wawo, koma ndodo sanaiwale. Saiiwala. Amapita nayo kudimba, kutchalitchi, ngakhale kuseri. Ndipo pakhomo pano palibe mwana amene amaikhudza. Sinamenyepo munthu, imangomenya mbuzi, koma ana amailambalala ngati njoka.

Titakatenga kabotolo katsopano, ndinadula mphira wa chubu cha njinga n'kukamangirira kundodo, m'munsi pang'ono mwa pogwirira kuti dzanja lisamakatenthetse. Pamwamba ndinaphimba ndi kansalu koteteza dzuwa. Poyamba ndinaika kakuda. Alamu atakaona anagwira pakamwa: "Mulamu, mukufuna anthu anene kuti bambo akuyenda ndi nsupa? Simumva zimene akuwachita okalamba masiku ano?" Ndinamasula msangamsanga, n'kudula kachidutswa ka chitenje cha amayi a mpingo. Tsopano ndodo ikuoneka ngati nayonso inabatizidwa.

Ndinawauza kuti ayese kutsegula ine ndikuona, kuti ndidziwe kuti zala zawo zitha popanda nkhwangwa. Zinatha. Pogona ndodo imakoloweka pamsomali kumutu kwa bedi lawo, m'chipinda chimene ana salowa. Mapiritsi ena onse ali m'bokosi, loko watsopano, kiyi pachitenje changa. Nthawi yomwa ikakwana ndimatulutsa a nthawi yomweyo basi, kuwaika pakambale, kugwada, ndipo sindichoka mpaka nditaona kuti ameza. Kwa wa msana, kwa wa dzino ndi kwa uja wosunga kuti mwina, ndinapita ndekha kukatenga totsala. Ku Dzoole tinatumiza uthenga kuti kaja ka bondo akataye m'chimbudzi.

Chingambwe ndiye nkhondo ina. Akuti asiya, koma ndodo ikapita kuseri imabwera ikununkha.

Nanga inu, otsala anu ali pati panopa? Pawindo? M'chikho cha pashelefu? M'thumba la jekete limene mwana amapisamo kufuna masiwiti? Ndipo mnzanu akabwera mawa atagwira mutu, mudzatha kumuuza kuti pepani, awa ndi anga ndekha?

Tadala ndinamukhazika pansi n'kumuuza zoona, kuti aja si masiwiti, kuti amachiza agogo koma mwana atha kumupha, ndipo masewera a soya atha. Anamva. Dzulo ndinamupezanso kuseri kwa khitchini, pamwala womwe uja. Ndinayang'ana pakamwa kaye. Munalibe kanthu. Anali atagwada patsogolo pa tonde wathu, chitenje chomanga m'chiuno, atamuyang'anitsitsa m'maso.

"Bambo," anatero, "ndikulankhula ndi inu."

Tonde anayang'ana kumbali. Ine ndinatenga ndowa yanga n'kudutsa mwakachetechete. Amenewo azisewera.